Kapepala ka M'thumba la Jekete

1

Sutikesi ya mpikisano ndinailongedza ndine. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa abale anga akamafotokoza nkhaniyi amanena ngati ndinangopsa mtima mwadzidzidzi. Ayi ndithu. Ndinalongedza modekha, wailesi ikuimba, tiyi ali pambali, ndipo palibe chimene ndinaiwala.

Ndine telala. Koma ndisanakhale pa makina osokera ndinali wovina dansi, ija ya awiriawiri, mwamuna atavala jekete lakuda la mchira, mkazi atavala diresi lofika pansi, atagwirana n'kumazungulira holo yonse. Ndinavina ndi amuna anga zaka khumi ndi ziwiri. Iwo ali ndi sukulu yawo ya dansi, ndipo aliyense amangowatchula kuti Aphunzitsi, ngakhale amayi awo owabereka.

Kenako bondo langa lakumanzere linaphwanyika tili mkati movina tango. Dokotala anati za kuvina ndiiwale. Ndinalira mwezi wathunthu, kenako ndinachita chinthu chimene ndimadzitukwana nacho mpaka lero. Ndinatenga mng'ono wanga, amene ndinamulera m'nyumba mwanga kuyambira ali kusekondale, n'kumupereka ndi manja anga awiri. Mwanayo tinkamutchula kuti Kanthenga chifukwa cha kupepuka kwake.

"Bambo, musasiye kuvina chifukwa cha ine," ndinatero. "Mwanayu ali ndi miyendo. Mphunzitseni."

Anamuphunzitsadi. Patatha zaka ziwiri anali okonzeka kulowa mpikisano waukulu, umene ine ndi amuna anga tinaulowa kanayi osafika ndime yomaliza. Diresi la Kanthenga ndinkasoka ndine.

2

Kutatsala masabata asanu kuti mpikisano uchitike, ndinamuitana kuti adzayese diresilo. Linali lobiriwira, ndipo timiyala tonyezimira ta pachifuwa ndinatimata kamodzikamodzi mpaka maso kundiwawa. Chiuno cha Kanthenga ndinkachidziwa pamtima: mainchesi 26, chaka ndi chaka. Tsiku limenelo zipi inakana kukwera.

Ndinatenga tepi n'kumuzunguliza. Mainchesi 29.

"Puma bwinobwino, usakoke mimba," ndinatero.

"Sindikukoka, achemwali."

"Ukukoka. Nkhope yachita kufufuma."

Anaseka kaseko kouma. "Ndikudya kwambiri masiku ano. Alamu akutivinitsa ngati akufuna kutipha, ndiye njala yake!"

Telala sanamizidwa ndi thupi la mkazi. Munthu wonenepa ndi chakudya amanenepa m'mikono ndi m'ntchafu momwe. Kanthenga mikono inali yomweija, chimene chinakula ndi mabere ndi m'munsi mwa mchombo. Ndinangoti chabwino, ndiwonjezera nsalu m'mbali. Mumtima ndinkati mwanayu wapusitsidwa ndi kamnyamata kena, akalimba mtima andiuza.

Mawa lake masana ndinawapititsira madzi akumwa kusukulu ya dansi. Chipinda chophunzirira chili ndi galasi lalikulu khoma lonse, moti ukaima pakhomo umaona zonse iwo asanakuone. Inu amene simuvina mumvetse ichi: dzanja lamanja la mwamuna limakhala kumsana kwa mkazi, m'munsi pang'ono mwa phewa. Silikwera, silitsika. Ndinakhala pansi pa dzanja limenelo zaka khumi ndi ziwiri, ndikulidziwa kuposa langa.

Nyimbo itatha, dzanja lija silinachoke. Linatsetsereka pang'onopang'ono, linazungulira chiuno, linakakhazikika pamimba pa Kanthenga. Amuna anga anamwetulira kumwetulira kumene sindinakuonepo chikwatiwire.

Ndinasiya madzi pakhomo n'kubwerera. Bondo linandipweteka njira yonse.

3

Ndinapita kwa amayi anga. Ndinawapeza akuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Ndinafotokoza zonse misozi ili mbwembwembwe, iwo osasiya kuyanika.

"Amayi, mwandimva?"

"Ndakumva. Tandipatsira nsalu iyo."

Pamenepo m'pamene ndinazindikira. "Mumadziwa!"

"Usakuwe, anthu akumva. Inde, ndikudziwa. Apongozi akonso akudziwa, ayamba kale kuluka timasokosi." Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. "Mwana wanga, zaka khumi ndi zinayi mwamunayo wadikira. Iwe wamupatsa chiyani? Bola wapita kwa mng'ono wako, mwanayo akhala wa magazi athu omwe. Akanapita kwa mkazi wakunja ukanatani?"

"Ndiye ine ndizisoka diresi?"

"Upirire, mpikisano udutse kaye. Aphunzitsi akuti ukangotha aitanitsa akuluakulu, tikhale pansi tikambirane. Usawasokoneze mutu panopa, wamva? Mwayi uwu aulimbikira zaka zambiri."

Kuti m'nyumba mwathu munalibe mwana, aliyense ankadziwa kuti vuto ndi langa. Ndinanena ndekha ndi pakamwa panga, zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, nditachokera kuchipatala. Kuyambira tsiku limenelo apongozi anga sanandiitanenso bwino. Akabwera kwathu ankatsegula chipinda chopanda munthu n'kunena mokweza kuti, "Nyumba yonseyi zii, ngati kumanda." Pamaliro, paukwati, ankandiloza ndi mlomo n'kunong'oneza anzawo kuti chumba chija ndi ichi. Ndinkangomeza.

Tsiku limenelo, nditaima pakati pa zovala zonyowa, ndinasiya kumeza. Ndinapukuta misozi, ndinawapatsira amayi nsalu ija.

"Chabwino, amayi. Sindiwasokoneza. Afike kaye kumpikisano."

"Ameneyo ndiye mwana wanga," anatero amayi.

4

Kulongedza katundu wa mpikisano ndi ntchito ya tsiku lonse, ndipo chiyambire inali yanga. Amuna anga sadziwa ngakhale kumene masokosi awo amakhala. Ndinayala zonse pabedi m'mawa, dzuwa likulowa pawindo.

Malaya oyera awiri, chifukwa oyamba amanyowa ndi thukuta ndime yachiwiri isanathe. Tayi yoyera, ndi ina yapadera. Buluku ndinalisita mpaka mzere wake unali wakuthwa. Mafuta ogonetsa tsitsi, chipeso, timapini ta m'mutu, thaulo ziwiri, nthochi, mabotolo a madzi. Kachitini kanga ka singano, ulusi wobiriwira ndi wakuda, guluu wa timiyala, ndi mapini anayi omangira nambala kumsana. Diresi ndinalilowetsa m'thumba lake lalitali, nditaliwonjezera mainchesi atatu mwaluso moti palibe akanaona msoko.

Zinatsala nsapato. Nsapato za dansi kunsi kwake n'kwa chikopa chofewa chaubweyaubweya. Chikopacho chikasalala munthu amaterereka pa matabwa, ndiye timachikanda ndi burashi ya waya kuti chizigwira. Ndinanyamula nsapato za Kanthenga, zazitali zidendene, zopepuka ngati mwini wake. Pakona panali chitini cha polishi wa pansi.

Sindikubisirani. Ndinachitsegula chitinicho. Ndinaviika chala. Ndinaona m'maganizo Kanthenga akuzungulira mothamanga, phazi likuthawa, iye chagada pamaso pa anthu mazana. Ndinakhala choncho nthawi yaitali, chala chili ndi polishi.

Kenako ndinapukuta chala pa chiguduli. Mwana wa m'mimbayo sanandilakwire. Ndinatenga burashi ya waya n'kukanda nsapatozo bwino kuposa kale lonse. Sindinkafuna kuti wina agwe ndi miyendo, ayi. Kugwa kotero munthu amadzuka, anthu n'kumuombera m'manja.

Panatsala chinthu chimodzi, kapepala. Amuna anga ali ndi vuto limene ophunzira awo salidziwa: akafika pamalo aakulu mantha amawagwira, masitepe onse n'kuwathawa m'mutu. Ndiye kuyambira kale ndinkawalembera ndondomeko ya masitepe pa kapepala, n'kukapinda, n'kukaika m'thumba lam'kati la jekete. Ndime zoyambirira sakakhudza, amati n'kudziitanira tsoka. Amakatulutsa pokhapokha akaitanidwa ndime yomaliza, ataima kale m'mphepete mwa bwalo.

Ndinakwera pampando n'kutsitsa bokosi limene munali diresi langa lakale, lofiira, limene ndinavala tsiku lomaliza kuvina. Ndinamasula mpendero wake ndi nsonga ya sizasi. Chimene ndinasokerera m'menemo chinali chikadalimo, chitangofiirira m'mbali. Ndinalembapo mzere umodzi ndi pensulo, ndinachipinda kasanu ndi katatu.

Ndikutseka sutikesi, amuna anga analowa akuimba kamluzu.

"Mayi, kapepala kanga waika?"

"Ndaika, bambo. M'thumba lam'kati, monga mwa nthawi zonse."

"Ndikanakhala chiyani popanda iwe?" anatero, n'kundisisita paphewa.

Sanafunse chifukwa chake kuseri kwa chitseko kunali sutikesi yachiwiri.

5

Holo inadzaza. Amayi anga ndi apongozi anakhala mzere wachiwiri, moyandikana, akugawana maswiti ngati anthu amene akhala akukondana moyo wawo wonse. Ine ndinali kuchipinda chovalira, pakati pa fungo la mafuta a tsitsi ndi thukuta, ndikumuveka Kanthenga.

Zipi inakwera bwinobwino. Anadziyang'ana pagalasi, anatembenuka uku ndi uku, kenako anandiyang'ana ine.

"Landikwana bwanji, achemwali! Mwachita chiyani?"

"Ntchito yanga."

"Manja anu akuzizira."

"Imirira bwino, ndikumange tsitsi."

Ndinayamba kumulasa timapini m'tsitsi. Kenako ananena motsitsa mawu, maso ali pansi. "Achemwali, mpikisano ukatha ndikufuna tilankhule."

"Tilankhula," ndinatero.

Amuna anga anabwera n'kundipatsa msana. Nambala yawo inali 47. Ndinaimanga ndi mapini anayi, ndinasasa fumbi m'mapewa, ndinawongola mchira wa jekete. Chala changa chinamva kapepala kaja kupyolera m'nsalu.

Tsopano mumve kupusa kwake kwa tsiku limenelo. Akanagwa m'ndime zoyambirira, kapepala kaja sakanakatsegula. Ndiye panalibe munthu mu holo monse amene ankafunitsitsa kuti apambane kuposa ine. Ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Ndinakuwa kuti "Fote seveni!" mpaka mawu kusasa. Apongozi anatembenuka n'kundiyang'ana modabwa, kenako anagwedeza mutu ngati akuti mkaziyu ngakhale ndi chumba, mtima ali nawo.

Anavina bwino, zimenezo sindingakane. Anadutsa ndime yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Woulutsa atatchula mabanja asanu ndi limodzi a ndime yomaliza, nambala 47 inali yachinayi kutchulidwa. Kanthenga analumpha. Amuna anga anapuma mozama, anaima m'mphepete mwa bwalo, n'kulowetsa dzanja m'jekete.

6

Tsopano ndikuuzeni chimene chinali m'thumbamo.

Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo tinapita kuchipatala tonse awiri. Amuna anga anayezedwa monyinyirika, ndipo tsiku lokamva zotsatira anakana kupita. Anati ali ndi ophunzira, ndiponso mwamuna ngati iwo sangakhale ndi vuto. Ndinapita ndekha. Dokotala anandiuza kuti ine ndili bwinobwino, ndipo anandipatsa kalata yoti ndikawapatse amuna anga. Kalatayo inanena momveka kuti iwo sangabereke, ndipo palibe mankhwala amene angasinthe zimenezo.

Ndinafika kunyumba n'kuwapeza ali pagalasi, chifuwa patsogolo, mutu m'mwamba, akuyeserera kaimidwe. Ndinawakonda munthu ameneyo, ndinawakonda mopusa. Ndinadziwa kuti kalatayo iwathyola msana, ndipo munthu wothyoka msana sangatsogolere mkazi pabwalo. Ndinati, "Bambo, akuti vuto ndi langa." Kalata ndinaisokerera mu mpendero wa diresi lofiira lija.

Imeneyo ndiyo anaitambasula m'mphepete mwa bwalo, chidindo cha chipatala chili pamwamba, dzina lawo lili pakati. M'munsi munali mzere wanga wa pensulo: "Vuto silinali langa. Mufunseni Kanthenga mwini wake wa mimbayo."

Ndinawaona akuwerenga. Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. Woulutsa anaitana nambala 47, Kanthenga anawakoka dzanja, ndipo miyendo inawatengera pabwalo yokha. Anagwirana. Nyimbo ya wolotsi inayamba, yodekha, yoti ngakhale wokhosomola amamveka.

Anaponda katatu. Chigongono chinagwa. Mutu uja, umene sunaweramepo zaka khumi ndi zinayi, unatsika n'kuyang'ana mimba ya Kanthenga. Anaima chilili pakati pa bwalo, anzawo akuwalambalala, oweruza atakweza maso pa mapepala awo.

"Ndi ya ndani?"

"Alamu, vinani! Anthu akutiona!"

"Ndati mimbayo ndi ya ndani?"

Mawu awo anafika mpaka mzere wachiwiri. Ndinaona switi ikugwa m'dzanja la apongozi. Kanthenga anayang'ana kalata imene inali ikadali m'manja mwawo, kenako anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza. Sindinaphethire. Ananyamula diresi lake n'kuthamanga kudutsa bwalo lonse, ndipo sanaterereke ngakhale kamodzi.

Amuna anga anandipeza m'kakhonde ka kuseri, nambala ikadali kumsana.

"Zaka zisanu ndi zinayi!" anatero. "Bwanji sunandiuze?"

"Ndinkafuna muziima mowongoka, bambo."

"Nanga lero? Pamaso pa anthu onsewa? Ukanandiuza kunyumba!"

"Amayi anu ankanditchula chumba kunyumba kokha? Paukwati wa mchemwali wanu munali pomwepo, munangoyang'ana kumbali."

Ndinawapatsa kiyi wa nyumba. Makina anga anali atapita kale m'mawa womwewo ndi galimoto ya mnzanga, pamodzi ndi sutikesi yachiwiri ija.

"Malaya ouma ali m'thumba lam'mbali," ndinatero. "Mwanyowa."

7

Papita miyezi isanu. Mwini wake wa mimba anapezeka kuti ndi wovina wina wa kusukulu ya dansi komweko, nayenso wokwatira, ndipo anakana. Kanthenga akuti sankadziwa yekha kuti ndi ya ndani, anangosankha amene ankaifuna kwambiri. Pano ali kwa amayi. Ophunzira ambiri anachoka, ndipo amene amawaona Aphunzitsi mumsewu amati masiku ano amayenda atawerama. Apongozi sanabwere kudzapepesa, koma ndikumva kuti sapitanso kumaukwati. Amayi anga sandilankhula. Akuti ndinavula banja lonse pagulu.

Inu owerenga, ndikudziwa mukudikira kuti ndinene kuti ndikunong'oneza bondo. Bondo langa linaphwanyika kalekale, silimvanso zonong'oneza. Atandibwezera tsiku limenelo ndingalongedzenso sutikesi yomweyo, n'kupinda kalata yomweyo kasanu ndi katatu. Pamene mutu wa amuna anga unawerama, ndinamva kukoma, ndipo sindichita manyazi kunena.

Koma musandisirire. Chimene chimandiwawa si zimene ndinachita pabwalo paja, ndi zimene ndinachita ndi singano zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Ngati pali wina mwa inu amene wasenza mlandu wa mwamuna kuti iye aziyenda mutu uli m'mwamba, autule lero, m'chipinda, muli awiri. Ine ndinadikira, ndipo pano ndili ndi zaka 41. Kalata ija inkanenanso kuti ine ndinali bwinobwino. Mzere umenewo ndinauwerenga kambirimbiri, koma sindinaumve mpaka pamene nthawi inandithera.

Sabata yatha mnzanga anandiuza kuti Kanthenga wachira, mwana wamkazi. Madzulo ake nditatsala ndekha mushopu yanga yosokera ndinatenga nsalu yobiriwira imene inatsala pa diresi lija, ndinadula kadiresi kakang'ono, ndinakasoka ndi msoko wofewa kuti kasamukande khungu. Sindinakatumize. Kali m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo ndikakatulutsa n'kukayala pamwendo sindidziwa ngati ndinasokera mwana wa Kanthenga kapena wanga amene sanabwere.